Gitala ikundidya zala, ndigule ya magetsi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Lizulu, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditchule. Akuti achimwene ake anamubweretsera gitala ya bokosi kuchokera ku Joni, yoti inagwirapo kale ntchito, ndiye wakhala akuphunzira pa YouTube miyezi itatu koma zala zikuwawa ngati wagwira waya waminga, chord ya F, kagwiridwe kaja kogoneka chala pa mawaya onse, sikulira olo pang'ono, ndipo palibe nyimbo ngakhale imodzi yomwe angaimbe kuyamba mpaka kumaliza. Kwaya ya kutchalitchi kwawo ikumudikira kuti aziwaimbira pa Khirisimasi. Funso lake ndi lakuti, agulitse mbatatesi yake agule gitala ya magetsi poti anamva kuti imeneyo ndi yofewa, kapena angovomereza kuti alibe luso basi?

Achimwene, mbatatesiyo isiyeni kaye m'munda. Zoona ya magetsi ndi yofewa ku zala, sindikukana, koma mukaigula mufunikanso ampu yokuzira mawu, chingwe chake, ndiye magetsi akathima Lamlungu m'mawa mwangonyamula thabwa lopanda mawu. Ndipo za luso zija ndazikana kale, munthu wopanda luso sapirira miyezi itatu zala zikupsa. Ine ndikukayikira gitalayo, osati inu. Magitala ambiri obwera ndi abale athu pa basi amakhala atapanikizidwa ndi katundu, atapsa ndi dzuwa pa boda, mawaya ake ndi omwe anagulira mwini wake woyamba.

Ndiye tiyeni tiyiyeze. Tengani makhadi a ATM, kaya chiphaso cha unzika, onsewa kunenepa kwake ndi kofanana, 0.76 mm khadi imodzi. Werengani tizitsulo ta pakhosi pa gitala, mafureti aja, mufike pa nambala 12 pomwe nthawi zambiri pamakhala timadontho tiwiri. Lowetsani makhadiwo pakati pa kachitsuloko ndi waya wonenepa uja wapamwamba. Akalowa atatu mothina, ndiye kuti ndi 2.3 mm kapena chapompo, gitala yanu ili bwino. Akalowa anayi ikadali yoimbika koma yolimba. Akalowa asanu, asanu ndi limodzi mpaka kutsala malo, aaa m'bale wanga mwakhala mukulimbana ndi uta osati gitala, olo Erik Paliani amene anaimbapo ndi Hugh Masekela mutamupatsa imeneyo akhoza kukubwezerani.

Choyamba kusintha ndi mawaya, akuluakulu amati nsambo. Pa paketi pamalembedwa manambala, monga 12-53 kapena 10-47, nambala yoyambayo ndi kunenepa kwa kawaya kowonda kapansi kaja. Seti ya 12 ikatchunidwa bwino imakoka khosi la gitala ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, kuposa thumba la chimanga, usana ndi usiku osapuma. Ya 10 imatsikira cha m'ma 60. Kusiyanako kumaoneka kochepa polemba koma ku nsonga za zala mumakumva tsiku lomwelo. Mawu amachepako pang'ono inde, koma wophunzira agule ya 10, za mawu okoma tidzakamba zala zikakhwima. Ndipo sinthani onse asanu ndi limodzi, osati kungosintha woduka yekha n'kusiya enawo adzimbiri lawo.

Koma musanapite kukagula onani kaye kuti gitala yanu ndi yamtundu wanji, apa ndiye ndikulankhula ndi manyazi. Ndili Fomu 3 ndinabwereka gitala ya amalume anga, ya mawaya a nayiloni ija, khosi lotambalala, kumutu kwake kuli mipata iwiri itali itali. Ine ndinkaona ngati mawaya apulasitikiwo ndi a ana, ndiye ndinasunga ndalama ya thiransipoti sabata zingapo, kuyenda wapansi, mpaka ndinagula achitsulo n'kumangapo. Tsiku loyamba inalira mokoma heee, ndinaimba mpaka amayi kundikalipira. Usiku wachitatu tonse tili mtulo tinangomva phwaa ngati mfuti, agalu kuyamba kuuwa, bambo kutuluka ndi chibonga. M'mawa ndikupeza buriji yonse, kathabwa komwe mawaya amamangidwapo kaja, yazuka pamodzi ndi khungu la gitala, ikulendewera pa mawaya ngati mbewa pa msampha. Gitala ya nayiloni anaipangira makilogalamu 40 kapena kuchepera, ine ndinaisenzetsa pafupifupi kawiri. Amalume sanandilankhule mpaka tchuthi chinacho. Ndiye ngati yanu ili yotero, nayiloni basi, ndipo mwina vuto lanu lonse ndi lakuti wina anachita kale zomwe ndinachita ine.

Ngati ndi ya mawaya achitsulo ndithu, onani khosi ngati lapindika. Dinani waya wonenepa pa fureti yoyamba ndi dzanja limodzi, linalo pa 14, kenako suzumirani pa 7. Pazikhala kampata kochepetsetsa, koti kapepala kolimbako kangolowa. Ngati mpata ndi waukulu ndiye kuti khosi lagonja, koma mkati mwake muli chitsulo chotchedwa truss rod, mutu wake mumauona mukasuzumira pa bowo la gitala chakukhosi kapena kumutu pansi pa kachivundikiro. Chimafuna aleni kiyi, okonza njinga zamoto pa Lizulu pompo ali nazo. Masulani mawaya pang'ono, potokolani molowera kumanja kota imodzi yokha, tchunani, muisiye igone, mawa muyezenso. Ikakana kupota musakakamize chonde, chikathyoka chimenecho gitala yatha.

Khosi likawongoka koma mawaya adakali m'mwamba, chotsalira ndi kafupa koyera ka pa buriji komwe mawaya amadutsapo. Kamazuka kokha mukachotsa mawaya. Lembani mzere ndi pensulo kunsi kwake, yalani sandipepa pa galasi kapena tebulo losalala, n'kumakhula kunsi kokha, pamwamba osakhudza. Masamu ake ndi akuti kuti mawaya atsike 1 mm pa fureti 12, pa kafupako pachoke 2 mm. Khulani pang'ono, bwezerani, yesani, khulaninso. Zimatopetsa koma mukapyoletsa mawaya ayamba kulira njenjenje pa mafureti ndiye muyambanso kusaka koika pansi.

Tsopano F uja. Pali kamayeso kena komwe ndimakakonda. Ikani kapo, kachipangizo kopanira mawaya onse pamodzi, pa fureti yoyamba, ngati mulibe tengani pensulo muigoneke pa mawaya n'kuimanga kumbuyo ndi legeni, imagwira ntchito bwinobwino, ife tinakulira yomweyo. Kenako gwirani F wanu uja motsatira kapoyo. Akalira mosavuta, ndiye kuti kafupa kena ka kumutu kwa gitala, komwe mawaya amadutsapo, ndi kakatali, zala zanu zilibe mlandu. Kukonza kameneko kumafuna munthu wodziwa, koma njira yachidule ilipo, tsitsani mawaya onse sitepe imodzi yathunthu, kuchoka pa E A D G B E kufika pa D G C F A D, ndiye kapo muisiye pa fureti yachiwiri. Mwabwerera pa kiyi yomwe ija koma gitala yafewa ngati ina. Pulogalamu ya pafoni ngati GuitarTuna ikuthandizani kutchuna ngati khutu silinazolowere.

Komanso ndani anakuuzani kuti F ndi wa chala chogoneka pa mawaya onse yekha? Pali wamng'ono wake. Chala chamkombaphala chidinde timawaya tiwiri tapansi pa fureti 1, chapakati pa waya wachitatu fureti 2, chotsatira pa wachinayi fureti 3, awiri onenepawo osawakhudza. Ndi F yemweyo, palibe mayi wa kwaya amene adzakufunseni. Ndipo kwaya ikakonda kuimba mu kiyi ya F, kapo pa fureti 3 n'kumagwira D, G ndi A, zikutuluka ndi F, B flat ndi C, mwathana nazo osatuluka thukuta. Ndikulemba chord m'chingerezi momwemo chifukwa ndikalemba kodi muyesa ndikufunsa funso.

Kuwawa kwa zala kwina n'koyenera, nsonga zimafiira, kenako khungu limalimba pakatha sabata zingapo. Mphindi 15 m'mawa, 15 madzulo tsiku lililonse zimaposa maola atatu a Loweruka lokha. Kuno ku Dedza mwezi wa June ndi July zala zimachita dzanzi ndi chisanu, ine ndimayamba ndafumbatira kapu ya tiyi kaye. Koma mukamva kuwawa m'mfundo kapena pa mkono, siyani tsiku limenelo, mukufinya mopyola.

Nkhani ya nyimbo ndiye yomwe yandikhudza kwambiri mu imelo yanu. Miyezi itatu, ma chord mwaloweza mwina khumi, nyimbo ziro. Vuto ndi lakuti mukuphunzira nyimbo za azungu zomwe simunaziimbepo ndi pakamwa, pomwe m'mutu mwanu muli nyimbo za kwaya mazana zomwe mumazidziwa chibadwire. Yambani ndi zimenezo. Pitani ku pulakatisi, jambulani nyimbo imodzi yokha pafoni, mukafika kunyumba ing'ung'udzeni mpaka pothera pake, mawu omwe nyimbo imakakhazikikapo aja ndiye do wake nthawi zambiri. Musakeni pa waya wonenepa fureti ndi fureti mpaka agwirizane ndi pakamwa panu, mwapeza kiyi. Ndiye poti a kwaya amaphunzira ndi do re mi kale, inu mungodziwa kuti nyimbo zathu zambiri zimayenda pa nyumba zitatu, ya do, ya fa ndi ya so. Mu G ndi G, C, D. Mu D ndi D, G, A. Mvetserani abambo a besi, akasuntha inunso sunthani, akabwerera bwererani. Mukalakwitsa khutu likuuzani lokha, kumamveka ngati mwaluma mwala mu mpunga.

Koma chomwe chimapangitsa kuti nyimbo imveke yathu ndi dzanja lamanja, ndipo apa ndi pomwe YouTube imatisocheretsa. Kamenyedwe kaja ka pansi pansi m'mwamba m'mwamba pansi m'mwamba n'ka nyimbo zowerenga zinayi zowongoka, pomwe makolasi athu ambiri amagudubuzika patatu patatu. Inu ndinu a ku Ntcheu, mgundo wa mapazi a ngoma muli nawo m'magazi, ndiye chitani izi: gonekani dzanja lamanzere pa mawaya kuti asalire, lamanja lizingokwapula tchaka tchaka motsatira m'manja mwa amayi pa foni paja, sabata yonse opanda chord olo imodzi. Anthu a pakhomo aziti mwapenga, asiyeni. Dzanjalo likayamba kuyenda lokha mukucheza ndi munthu, ndiye bweretsani ma chord atatu aja. Lamanzere likachedwa kusintha, lamanja lisaime, kuli bwino kumenya mawaya opanda kanthu kamodzi kusiyana n'kudula nyimbo pakati.

Kaoneni Madalitso Band, anyamata awiri aja ankaimba m'misewu ya Lilongwe, wina babatoni wa waya umodzi wina gitala ya mawaya anayi akumenya ng'oma ndi chidendene, mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar ndipo kuchokera pamenepo akhala akuzungulira ku Ulaya. Ma chord awo mutha kuwawerenga ndi dzanja limodzi koma palibe amene amakhala pansi. Musakenso Daniel Kachamba wa ku Chileka uja anamwalira mu 1987, muike liwiro la vidiyo pa 0.75, mumve momwe besi ndi nyimbo zimayendera limodzi ngati akuimba anthu awiri. Zimenezo ndi za chaka chamawa kwa inu, koma ndi bwino kudziwa komwe mukupita.

Mvula ikubwerayi mawaya amachita dzimbiri msanga, muziwapukuta ndi kansalu kouma mukamaliza, ndipo gitala isagone pafupi ndi mbaula kapena kutsamira khoma lachinyezi. Ngati mutayeza mwapeza makhadi asanu ndi limodzi akulowa, buriji yayamba kudzuka kumbuyo moti pepala likulowa pansi pake, thabwa lakutsogolo latupa ngati mimba, apo ndiye ndivomera kuti mbatatesi ikumbidwe, koma mugulebe ya bokosi, monga Yamaha F310, ndipo popita kukagula makhadi atatu aja akhale m'thumba. Mundilembere kuti alowa angati.