Funsani Makaniko: Dzimbiri pa Masipuling'i a Lole

FUNSO: Akonzi, ndili ndi lole ya Mitsubishi Canter imene ndimanyamulira feteleza kuchoka ku Chipata kupita ku Chadiza ndi ku Vubwi, ndipo nthawi yokolola ndimanyamulira chimanga ndi mtedza. Mvula itatha chaka chino ndinasuzumira kunsi, ndipo ndinapeza masipuling'i, mabawuti ake ndi zitsulo zimene zimagwira masipuling'iwo zitafiira ndi dzimbiri. Mnzanga wina akuti ndingopaka oyilo wakale wa mu injini, pamene makaniko wina akuti ndigule masipuling'i atsopano ndisanapite kukayezetsa galimoto ku RTSA, bungwe la boma la Zambia loona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu. Kodi ndimvere ndani?
Wowerenga wa ku Kapata, Chipata

YANKHO: Bambo, musatulutse kaye ndalama ndipo oyiloyo mumusiye m'chigubu momwemo, chifukwa pakali pano inu, mnzanuyo ndi makanikoyo simunadziwe kuti dzimbirilo lalowa pati. Sipuling'i ndi chitsulo chochindikala chimene chimakhalira m'matope ndi m'madzi, ndipo penti wake amasupuka ndi timiyala ta mumsewu, choncho kufiira kokha sikudabwitsa. Pafupifupi lole iliyonse imene yayenda msewu wafumbi wa ku Vubwi nyengo ya mvula imabwerako yotero.

Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, muike miyala kumatayala, ndipo ngati mwaikweza musalowe kunsi ikudalira jeke yekha. Tsukani matope onse, mudikire kuti paume, kenaka mukwechepo ndi burashi ya waya pamalo aakulu ngati chikhatho. Ngati dzimbirilo likuchoka ngati ufa wa njerwa, ndipo pansi pake patuluka chitsulo chotuwa chimene chala chikutsetsereka bwino osakodwa, ndiye kuti ndi lapamwamba chabe ndipo masipuling'i anu akadali ndi moyo. Koma ngati likusendeka zibenthuzibenthu ngati khungwa la mtengo wouma, n'kusiya timaenje tokhoza kukola chikhadabo, nkhani yasintha. Sipuling'i imapindika ndi kuwongoka nthawi zosawerengeka pa ulendo umodzi, ndipo mng'alu umakonda kuyambira pa kadzenje kotere.

Pali malo amene muyenera kuwayang'anitsitsa ndi tochi. Onani pakati pa sipuling'i, pamene bawuti lapakati lamanga pamodzi zitsulo zonse zosanjikizana zimene zimapanga sipuling'iyo, ndiponso kumapeto kumene chitsulo chapamwamba chapindidwa ngati diso, popeza ming'alu yambiri imabisala pamenepo. Onaninso m'mphepete ngati zitsulozo zagwirana bwino, chifukwa dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, ndipo likakula pakati pa zitsulo ziwiri limazikankha mpaka kuoneka mpata. Mabawuti opindika ngati chilembo cha U, amene amamanga sipuling'i ku ekiselo (chitsulo chopingasa chimene chimagwira matayala), akaonda kapena mazinga ake akadyeka musavutike nawo, gulani ena. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi ngozi ya ekiselo yosuntha mutasenza matumba 60 a chimanga. Pa mashoko, amene amachepetsa kudumphadumpha kwa galimoto, thupi lakunja likhoza kufiira popanda vuto, koma ndodo yonyezimira ija ikachita timaenje imang'amba labala wotsekera mafuta, shoko n'kuyamba kudontha.

Mukatsimikiza kuti dzimbirilo ndi lapamwamba, ntchito yake mukhoza kuigwira nokha pakhomo, ndipo miyezi yopanda mvula, kuyambira Juni mpaka Okutobala, ndiyo yoyenera. Kwechani paliponse ndi burashi ya waya ndi sandipepala mutavala magalasi ndi kansalu pamphuno. Mukabwereka galayinda, ikanipo burashi yozungulira, osati mwala wodulira, chifukwa mwala umasiya mikwingwirima yakuya pa sipuling'i, imene imachita zomwezo zimene timaenje ta dzimbiri timachita. Chotsani girizi ndi mafuta onse, kenaka mupake mankhwala amene m'masitolo a zitsulo amawatchula kuti rust converter. Mankhwalawa amakhala ndi asidi, kawirikawiri wa phosphoric kapena wa tannic, amene amasandutsa dzimbiri lotsalira kukhala chikhungu chakuda cholimba chimene penti amagwirapo. Werengani pachitini nthawi yodikira ndipo muitsatire, pakuti ambiri amalakwitsa pomwepa pofuna kuti galimoto ibwerere pamsewu tsiku lomwelo. Pamwamba pake pakani penti woyambira wa red oxide, akauma mupake penti wakuda kawiri mopyapyala. Phimbani malabala, mapaipi a mabuleki, ndodo za mashoko ndi timilomo topoperapo girizi kuti penti asafikepo, ndipo mukatha mupope girizi watsopano m'mapini onse amene ali ndi timilomoto.

Za oyilo wakale, ndikudziwa kuti n'chizolowezi cha madalaivala ambiri kuno kum'mawa, ndipo n'zoona kuti chitsulo chonona sichichita dzimbiri msanga. Vuto lake n'lakuti oyiloyo amafewetsa ndi kutupitsa malabala a m'maso mwa masipuling'i, amakola fumbi ndi mchenga n'kupanga phala limene limapera mapini, ndipo akadonthera m'mabuleki mudzazindikira muli pamtsetse. Amabisanso mng'alu umene mukanauona. Chinthu china chimene ndikuletseni ngakhale simunachifunse ndicho kuwotcherera. Chitsulo cha sipuling'i chinalimbitsidwa ndi moto kufakitale mwa muyezo wake, ndipo moto wa wowotcherera umaononga kulimbako, moti chimadzathyokanso pambali penipeni pa chowotchereracho. Chitsulo chong'aluka chimafunika kuchotsa n'kuikapo china.

Tsono m'kalata yanu mwatchula nokha chimene ndikuganiza kuti ndicho gwero la vutoli, ndiye feteleza. Urea amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo D Compound ali ndi michere ingapo imene imafulumizitsa dzimbiri monga momwe mchere wa kukhitchini umadyera supuni yachitsulo. Thumba limodzi likabooka, timibulu timadutsa m'mipata ya bodi n'kugwera pa chasesi ndi pa masipuling'i, ndipo timasungunuka m'matope amene amamatira pamenepo kuyambira Novembala mpaka Epulo. Matope amenewo amakhala onyowa masiku ambiri ngakhale kunja kwatentha. Yalani tenti pansi musanapakire, sesani bodi mukatsitsa katundu, ndipo tsukani kunsi ndi madzi ambiri mukabwerako, makamaka pamwamba pa masipuling'i ndi m'makona a chasesi momwe dzanja silifika msanga. Malole ambiri a mtundu wanu amabwera kuchokera ku Japan atagwirapo kale ntchito, ndipo amene ankayenda kumadera kogwa chipale chofewa, kumene amathira mchere m'misewu, amafika dzimbiri litayamba kale m'kati mwa chasesi, choncho muunikemonso ndi kugogoda ndi hamala. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodyeka chimamveka ngati mwamenya chikuni.

Kwa a RTSA, chimene chingakugwetseni ndi chitsulo chothyoka, bawuti lomasuka, labala wotha kapena shoko yodontha. Makaniko uja mubwerere naye kunsi kwa galimoto mutatsuka ndi kukwecha, akuonetseni ndi chala chake chitsulo chimene akuti chatha, ndipo mugule chokhacho.