Kodi "crave" ndi kulakalaka basi?

Owerenga wina watilembera pa imelo kuti aphunzitsi ake anathetha chiganizo chakuti "I am craving for my mother". Funso lake ndi lakuti: cholakwika n'chiyani, popeza dikishonale imati crave ndi kulakalaka?

Zolakwika zilipo ziwiri, ndipo chachikulu si cha galamala ayi.

Crave ndi kufuna kumene thupi limachita kukukakamizani, kwa mtundu wa chibaba kapena nkhuli. Munthu amene wangosiya kumene fodya, mayi woyembekezera amene wadzuka pakati pa usiku akufuna zowawasa, wozolowera khofi amene sanamwe m'mawa: mneniyu ndi wa anthu amenewa. "He craves a cigarette." Amafikanso ku zinthu zosagwirika ndi manja, bola zikhale zomwe mtima umazimva ngati njala. "She craves attention" ndiye kuti sakhazikika ngati anthu sakumulabadira, ndipo m'mawu amenewa mumakhala kachitonzo pang'ono.

Tsono mukamuika pa munthu, Mngelezi amamva zina, nthawi zambiri chilakolako cha thupi. Apa ndiye pamene aphunzitsi anu anadzidzimuka. Kupukwa mayi ndi "I miss my mother". Ngati mtima ukuwawa zedi, mwina chifukwa mwatalikirana zaka zambiri, nenani "I long for my mother" kapena "I yearn for my mother". Yearn amamveka wa m'mabuku, sakhala bwino m'macheza wamba.

Chachiwiri ndi for uja. Crave amagwira yekha chinthu chofunidwacho, popanda mperekezi: "I crave sugar." Zoona, "crave for" amapezeka m'zolemba zina ndipo si tchimo lalikulu, koma pa mayeso musayike. Chimasokoneza anthu n'chakuti long ndi yearn amafuna for akamatchula chinthu, komanso dzina lochokera ku mneniyu limamufuna: "I have a craving for sugar." Polemba craving chotsani e wa kumapeto, ndipo samalani kuti zilembo zisasinthane n'kukhala carve, komwe ndi kusema.

Pali tanthauzo lina lakale. M'Chingelezi chakalekale crave anali crafian, kutanthauza kupempha molimbika kapena kuitanitsa chomwe ndi chako. Tanthauzoli linatsalira m'kalankhulidwe ka kukhoti ndi kunyumba ya malamulo, monga "I crave your indulgence", kupempha kuti akulezereni mtima. M'kalata yofunsira ntchito musalembe zimenezi, mudzamveka ngati mukuchita sewero.

Ngati chomwe mukufunacho chili ndi mwini wake, mneni woyenera ndi covet, kusirira za eni. Ndi amene ali pa Eksodo 20:17 m'Baibulo la King James la 1611, pa lamulo loletsa kusirira nyumba ya mnzako.