Nambala ya m'buku lachipatala ndi nkhata ya m'diso

Mayi wina wa ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, wanditumizira imelo sabata ino. Bambo ake ndi azakhali ake, obadwa bere limodzi, onse anawapeza ndi glaucoma, matenda a maso amene amawononga mtsempha woonera pang'onopang'ono. M'buku lachipatala la bambowo analembamo C/D (nambala imene amalemba akaunika mtsempha wa m'diso) 0.8, la azakhaliwo 0.5, koma amene akupunthwa pafupipafupi popita kudimba ndi azakhali. Mayiyu atakayezetsa anamulembera 0.6, n'kumuuza kuti alibe matendawa, abwerenso chaka chamawa. Akufunsa kuti: "Kodi sanalakwitse? Nambala yanga ikuposa ya azakhali, nanga bwanji ine sanandipatse mankhwala?"

Mayi, mwachita bwino kufunsa. N'zotheka ndithu kuti nonse atatu anakuyezani molondola.

Kumbuyo kwa diso kuli mtsempha wonyamula zimene taona kupita nazo ku ubongo. Mtsemphawu ndi mtolo wa timaulusi pafupifupi 1 miliyoni. Pamene mtolowu umatulukira m'diso, wachipatala akaunika amaona kabwalo kosakwana mamilimita 2 m'mimba mwake, kooneka ngati nkhata: mkombero wofiirira kuzungulira, pakati kadzenje koyererako. Mkomberowo ndiwo timaulusi tamoyo. Glaucoma imapha timaulusito, mkombero n'kumapyapyala, dzenje n'kumakula. Nambala ija imangonena kukula kwa dzenje poyerekeza ndi nkhata yonse.

Tsono nkhata sizifanana. Mukaima pa Lizulu tsiku la msika n'kuyang'ana amayi osenza mabeseni a mbatatesi, wina wapinda chitenje chathunthu, nkhata yaikulu ndi bowo lalikulu, komabe nsalu yake ndi yokwanira. Wina wapota kansalu kakang'ono, bowo lake losalowa n'chibakera chomwe. Maso nawonso ndi choncho. Wobadwa ndi nkhata yaikulu amakhala ndi dzenje lalikulu popanda matenda, ndipo ife anthu akuda ambiri nkhata yathu ndi yokulirapo kuposa ya azungu. Mwina 0.6 wanuyo ndi wachibadwa. Koma pa nkhata yaing'ono, 0.5 akhoza kutanthauza kuti timaulusi tambiri tapita kale.

Chinanso, glaucoma siidya mkombero mofanana mwa aliyense. M'diso labwino, mkombero umanenepa kwambiri m'munsi, kenako m'mwamba, kenako mbali ya kumphuno, ndipo umapyapyala mbali ya kukhutu. Mwa ena matendawa amadya mozungulira ponse, pang'onopang'ono, dzenje n'kumakula lili lobulungira, makamaka pulesha ya m'diso (mphamvu imene madzi a m'diso amakankhira mkati mwake) ikakwera kwambiri. Mwa ena amangoluma malo amodzi ngati mbewa pa chigumu, kwina konse kuli bwinobwino. Nambala imatsala yaing'ono koma polumidwa paja pafa. Pakalumidwa m'munsi, munthu amataya kuona kwa m'mwamba. Pakalumidwa m'mwamba, amataya kuona kwa m'munsi, ndiye amapunthwa pa miyala ndi pa mizere ya m'munda. Mutafotokoza za azakhali, maganizo anga anathamangira pamenepa.

Palinso ena osaona patali chibadwire, amene nkhata yawo imakhala yopendekeka ndi yovuta kuiweruza, komanso okalamba amene dzenje lawo ndi losazama ngati sosala. Nthawi zina pamkombero pamaoneka kamzere ka magazi konga kaminga, kamene kamazimirira pakapita masabata kapena miyezi. Kakaoneka, kawirikawiri matenda akupitirira. Zimenezi zimachitika ngakhale pulesha ili pakati pa 10 ndi 21, pomwe amati ndi yabwino, choncho musadabwe azakhali atauzidwa kuti pulesha yawo siinakwere.

N'chifukwa chake sindisangalala munthu akauzidwa nambala yokha osamufotokozera. Wachipatala wosamala amayerekeza diso lamanja ndi lamanzere, ndipo akasiyana ndi 0.2 kapena kuposa amakayikira. Amayezanso kuona kwa m'mbali ndi makina aja amene umadina batani ukaona kakuwala. Koposa zonse amayerekeza diso lanu lero ndi diso lanu lomwelo chaka chatha. Ngati kuchipatala cha boma kwanuko sangathe kuyeza zonsezi, pemphani kalata yokutumizani ku Nkhoma, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Lions Sight First ku Blantyre, ndipo mukafunse ngati angajambule chithunzi cha mtsemphawo kuti chisungidwe.

Bambo ndi azakhali asadumphitse mankhwala odonthezera ngakhale tsiku limodzi, ndipo asadikire kuti botolo lithe ndiye azikafuna lina. Glaucoma siili ngati ng'ala, imene akaichotsa munthu amaonanso. Timaulusi tikafa sitimeranso, mankhwala amangoteteza totsala. Ngati anawapatsa mankhwala odonthezera otchedwa timolol koma wina ali ndi mphumu kapena vuto la mtima, akanene msanga. Ndipo mankhwala a m'maso ogula pamsika muwapewe, chifukwa ena mwa iwo amakweza pulesha.

Inuyo mayi, poti matendawa ali m'banja mwanu ndipo samapweteka akamayamba, chaka chamawacho musachiphonye. Mutengenso achimwene ndi achemwali anu, makamaka amene apitirira zaka 40. Buku lija lolembedwa 0.6 mulisunge m'pulasitiki kuti lisanyowe, ndipo mukapite nalo lomwelo.