Amayi akuiwala, agogo ankaiwalanso: kodi nanenso ndili pamzere?

Mayi wina wa zaka 46 wanditumizira imelo. Akuti amayi ake a zaka 78 awapeza ndi dimensha, matenda oiwalaiwala aja, ndipo agogo ake anamwalira osazindikiranso ana awo. Akufunsa ngati matendawa ndi akumtundu.

Pepani kwambiri mayi. Poyamba onani zaka zimene matendawa anayambira. Dimensha yofala kwambiri imatchedwa Alzheimer. Ulipodi mtundu wa Alzheimer woyenda m'magazi, wobwera chifukwa cha vuto mu majini a APP, PSEN1 kapena PSEN2 (majini a mu DNA, amene timatengera kwa makolo, osati a mizimu). Kholo likakhala nawo, mwana aliyense akhoza kutengera kapena ayi, theka ndi theka. Koma mtunduwu umagwira anthu asanakwane zaka 65, ena ali m'ma 40, ndipo sufika ngakhale munthu mmodzi pa odwala 100 alionse. Amayi anu sizikuoneka kuti ali m'gulu limeneli.

Yofala ndi jini ya APOE4. Mukaitenga kwa kholo limodzi, chiopsezo chimakwera kawiri kapena katatu. Kwa onse awiri, chimakwera koposa. Komabe ambiri ali nayo ndipo amakalamba mutu uli bwinobwino. Ofufuza atayerekezera Ayoruba a ku Ibadan ku Nigeria ndi anthu akuda a ku Indianapolis ku America, anapeza kuti ku Ibadan Alzheimer ndi wochepa, ndipo APOE4 siluma kwambiri. Ine ndimaona kuti apa mpamene pagona nkhani: zimene thupi ladutsamo zili ndi mbali yaikulu.

Mu 2024 akatswiri a Lancet Commission, gulu lofufuza za dimensha, anatchula zinthu 14 zoti anthu angathe kusintha, zimene zimakweza chiopsezo cha dimensha ndipo zimakhudza pafupifupi 45 peresenti ya odwala. Zina mukuzidziwa kale: fodya, mowa wambiri, shuga, kunenepa, kungokhala. Zina sitiziganizira, monga kuvulala m'mutu, mpweya woipa, kusungulumwa ndi kusaona bwino.

Pa msinkhu wanuwo ndikanalimbana ndi ziwiri. BP yokwera imawononga timitsempha ta mu ubongo mwakachetechete kwa zaka zambiri, munthu osamva kupweteka kulikonse, ndiye muziyezetsa ndipo mankhwala musamadumphitse. Chachiwiri ndi makutu. Munthu akayamba kugontha amatopa n'kufunsa kuti "mwati bwanji?", kenako amasiya kucheza, ubongo n'kumasowa chochita.

Zoyezetsa APOE4 sindikukulimbikitsani, chifukwa zotsatira zake sizingakuuzeni ngati mudzadwale. Pokhapokha ngati pali wachibale amene anayamba kuiwala asanakwane zaka 65, pamenepo kawafotokozereni adokotala.