Msana wopsa ku Cape Maclear: kuyankha mayi wa ku Manchester

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina yemwe amakhala ku Manchester, ku England. Akubwera kumudzi mu Okutobala pamodzi ndi amuna awo, omwe ndi mzungu, komanso ana awiri, ndipo akufuna akapume masiku anayi ku Cape Maclear. Ulendo wathawu bambowo anapsa msana mpaka matuza, chonsecho anali atadzola mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Funso lawo nali: "Tinalakwitsa pati? Nanga ine wakhungu lakuda, n'kofunika kuti ndizidzolanso?"

Mayi, nkhani yagona pa kasambiridwe kake. Munthu akavala magalasi osambirira ndi kapaipi kopumira kuti aonere tinsomba totchedwa mbuna pa Otter Point kapena pachilumba cha Thumbi, amayandama chafufumimba, msana uli poyera, mwina ola lathunthu. Maso ali pa nsomba, madzi akuziziritsa thupi, ndiye palibe chomuuza kuti athawire pamthunzi. Ululu umamupeza usiku, akafuna kugona chagada. Madziwonso sabisa munthu: theka la mita pansi pake, cheza chowotcha khungu chija amati UV chimakhala chikadali ndi mphamvu pafupifupi 40 peresenti.

N'chifukwa chake ine ndimati yambani ndi chovala, mafuta abwere pambuyo. Musananyamuke, gulirani aliyense malaya osambirira a manja aatali olembedwa UPF 50 (chizindikiro choti nsaluyo imatchinga kwambiri cheza cha UV), ndi kabudula wofika m'mawondo. Chovala sichisukuluka m'madzi. Koma tisheti yoyera yopyapyala musaidalire, ikanyowa dzuwa limangodutsa.

Mafuta ndi a malo otsala, ndipo awa ndi amene anthu amaiwala: kumbuyo kwa khosi, nsonga za makutu, kuseri kwa mawondo, akatumba, ndi dazi ngati bambowo ali nalo. Tengani a SPF 30 kapena 50 (nambala yosonyeza mphamvu ya mafutawo poteteza khungu) olembedwa kuti sachoka msanga m'madzi. Dzolani patatsala mphindi 20 kuti mulowe, osati muli kale m'boti, ndipo musaumire. Munthu wamkulu thupi lonse limafuna mamililita pafupifupi 30. Ambirife timangopaka ngati tikudzola Vaseline wakutha m'botolo, kenako n'kumadabwa. Mukatuluka n'kudzipukuta, dzolaninso, ndipo pasamadutse maola awiri. Nthawi yabwino yoonera nsomba ndi m'mawa 10 koloko isanakwane, kapena chakumadzulo. Masana a mu Okutobala kunyanja ndi okhala pansi pa mtengo ukudya chambo.

Pali chinthu china chimene simunafunse. Popeza mukuchokera kunja, mwina adokotala akupatsani mankhwala opewera malungo. Ngati ndi doxycycline, dziwani kuti ena akamamwa amapsa ndi dzuwa msanga kuposa masiku onse. Afunseni bambowo ngati ankamwa amenewa ulendo uja, ndipo mukawauze adokotala kuti mukakhala kunyanja. Kungosiya kumwa ayi, malungo ndi oopsa kuposa msana wosupuka.

Tsono za inuyo. N'zoona kuti khungu lathuli limapirira dzuwa kuposa la amuna anu, koma limapsa ndithu. Kungoti silifiira moonekera. Mumangomva mapewa akuthetheka, kenako pakatha masiku angapo akusupuka. Ine zinandichitikira ku Nkhata Bay, nditaseka anzanga omwe anavala malaya m'madzi. Ndiye dzolani, ndipo ana musawayesere pa khungu lanu, atetezeni ngati mmene mungatetezere bambo awo.

Wina akapsabe, asambe madzi ozizira, amwe madzi ambiri, matuza asawaboole, ndipo akhale pamthunzi mpaka apole. Mwana akatuluka matuza, kapena wina akayamba kutentha thupi ndi kumva chizungulire, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ayezedwenso malungo. Mukabwerera ku Manchester, pakatha miyezi itatu mukayezetse likodzo nonse, chifukwa m'madzi a ku Chembe, mudzi wa pa Cape Maclear, limapezeka.