Tifunseni: Ndikufuna kudutsa mayiko pa njinga, ndiyambire pati?

FUNSO

Akonzi, ndine mphunzitsi wa zaka 31 pa sukulu ina ya pulayimale muno mu Mzuzu, ndipo ndimakhala ku Chibavi. Ndimapalasa njinga tsiku lililonse popita kuntchito ndi pobwerako. Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuona azungu akudutsa pa Katoto ndi njinga zolemedwa ndi zikwama, ena akuti achokera ku Cairo ndipo akulowera ku Cape Town, moti mtima wanga sunakhazikike chiwaonereni. Ndikufuna kuti pa tchuthi chachikulu chikubwerachi nanenso ndinyamuke, ndidutse Zambia ndi Botswana mpaka ndikafike ku Cape Town. Anzanga akundiseka kuti zimenezi ndi za anthu a ndalama. Kodi ndigule njinga yotani, ndikonze mapepala anji, nanga ndisunge ndalama zingati?

Mphunzitsi wa ku Chibavi

YANKHO

Aphunzitsi, kuseka kwa anzanuwo kusakubwezeni m'mbuyo. Mu mzinda umene anyamata a njinga za kabaza otchedwa Sacramento amakwera zitunda za ku Mchengautuwa atanyamula munthu wamkulu pamodzi ndi thumba lake la chimanga, mphamvu za miyendo si nkhani yotidetsa nkhawa. Ulendo wa panjinga ndikuuvomereza ndi mtima wonse, koma Cape Town ndikukukanizani chaka chino.

Njira imene mwatchulayo ndi ya makilomita oposa 3,500, ndipo munthu amene wanyamula katundu wake yense pa njinga amayenda makilomita pakati pa 60 ndi 80 pa tsiku, napumula tsiku lachinayi kapena lachisanu lililonse. Mukawerengera bwino muona kuti belu la teremu yatsopano lingalire inu muli pakati pa Botswana, komwe msewu wochoka ku Kazungula kupita ku Nata umadutsa m'tchire la njovu, ndipo midzi ndi yotalikirana kwambiri. Ena mwa azungu mumawaonawo amayenda ndi gulu la Tour d'Afrique, limene linayamba mu 2003, ndipo amatha miyezi pafupifupi inayi panjira, malole akuwanyamulira zikwama, madzi ndi chakudya. Inu lole mulibe. Chimene muli nacho, chomwe iwo alibe, ndi chakuti mumakhala kufupi ndi malire a mayiko awiri, ndipo mukhoza kukonza ulendo wozungulira umene pena paliponse mungaudule ndi kukwera basi yobwerera kwanu.

Njira imene ndingakusankhireni ndi iyi. Muchoke mu Mzuzu ndi msewu wa M1, mudutse Ekwendeni ndi Phwezi, mutsike Chiweta, mutsate nyanja kudzera ku Chitimba ndi Chilumba mpaka ku Karonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 220. Kuchoka apo ndi makilomita ngati 45 kukafika pa chipata cha Songwe, pomwe mukawoloka mlatho mwalowa Kasumulu m'dziko la Tanzania. Mukwere kudzera ku Tukuyu mpaka ku Mbeya, mukhotere kumadzulo kupita ku Tunduma, mulowe Zambia pa Nakonde, kenaka mubwerere kwathu kuno kudzera ku Chitipa, mutsike ku Karonga ndi kubwera ku Mzuzu. Ulendo wonsewu ndi wa makilomita pafupifupi 900, mayiko atatu, ndipo masabata atatu akukwanirani popanda kuthamanga. Musauone kuchepa. Pa Songwe mudzakhala muli pa mamita ngati 500 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, koma musanatsikire ku Uyole, pomwe msewuwu umakumana ndi msewu waukulu wochokera ku Dar es Salaam, mudzakhala mutakwera kupitirira mamita 2,000, m'kati mwa minda ya tiyi ndi nthochi. Makilomita ongopitirira 100 ochoka pa malire kukafika ku Mbeya muwapatse masiku awiri, ndipo musachite manyazi kutsika ndi kukankha.

Pa za njinga ndichedwapo pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Njinga yoyenera ulendo wotere ndi imene wokonza njinga wa pansi pa mtengo wa mango ku Uliwa kapena ku Kiwira angaikonze ndi zipangizo zimene ali nazo m'bokosi mwake. Choncho musakopeke ndi njinga zopepuka zamipikisano, za timatayala toonda ndi mabuleki a mafuta, pakuti kachitsulo kamodzi kakathyoka mudzakasowa mpaka ku Mbeya. Funani njinga yachitsulo ya magiya, ya matayala a mainchesi 26 ndi masipoko 36 pa mkombero uliwonse, monga zija zakaunjika zimapezeka m'misika yathu. Chitsulo chikasweka amaotcherera pamalo alionse pomwe pali magetsi, pamene aluminiyamu amafuna mmisiri wapadera. Njinga zathu zakuda za giya imodzi ndi zolimba, zida zake zili paliponse, ndipo ena ayenda nazo maulendo ataliatali, koma pa mapiri a ku Tukuyu ndi pokwera Chiweta pobwerera mudzayenda pansi nthawi yambiri kuposa kupalasa. Ngati njinga imene mumapitira kusukuluyo ili ndi magiya ndipo mwaizolowera, musagule ina. Ingoiikirani tcheni chatsopano, matayala atsopano, mabuleki atsopano ndi kaliyala wolimba, ndipo chishalo musachisinthe kutatsala masiku ochepa, chifukwa chishalo chachilendo chimatupitsa munthu tsiku lachiwiri lomwe.

Katundu yense asapitirire makilogalamu 20, ndipo alendewere mbali zonse ziwiri za kaliyala molingana, wolemera akhale pansi. Chikwama cha kumsana chisiyeni kunyumba. Zikwama zodula za azungu zija si zofunika kwenikweni, popeza telala wodziwa kusoka lona angakusokereni ziwiri, ndipo zovala mukazikulunga m'mapepala apulasitiki sizinyowa. M'kathumba ka zida mukhale pampu, machubu awiri, zigamba ndi guluu wake, masipanala ogwirizana ndi manati a njinga yanu, masipoko angapo, waya wa buleki ndi wa giya, kabotolo ka oyilo ndi malamba a chubu chakale omangira. Musananyamuke mukakhale tsiku limodzi kwa wokonza njinga, mumulipire kuti akuphunzitseni kumata chubu, kulumikiza tcheni ndi kuwongola mkombero, ndipo zonsezo muzichite ndi manja anu iye akuyang'ana.

Zikatha izi mudziyese kaye. Loweruka lina mumange katundu yense monga mmene mudzanyamulire, mutsikire ku Nkhata Bay, makilomita pafupifupi 50, mukagone komweko, ndipo Lamulungu mubwerere. Popita mudzadziona ngati katswiri chifukwa msewu ndi wotsetsereka, koma pobwerera mudzakwera mamita pafupifupi 800, ndipo pamenepo mudzadziwa katundu amene ndi wosafunika, pomwe thupi likupweteka, ndi madzi amene mumamwa pa ola limodzi. Mulembe m'kabuku ndalama iliyonse imene mwawononga masiku awiriwo. Ili ndilo yankho langa pa funso lanu la ndalama, pakuti mitengo ya zinthu ikusintha mwezi ndi mwezi, ndipo nambala imene ndingalembe pano ingakusokeretseni. Mutenge zimene mwawononga pa tsiku limodzi, muchulukitse ndi masiku 21, muwonjezerepo gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo pambali musunge ndalama ya basi yochokera ku Mbeya ya inu ndi njinga yomwe, imene simudzaikhudza ngakhale njala itavuta.

Kwacha yathu mukangopitirira m'matauni a m'malire imasanduka pepala chabe, choncho muyambe msanga kufunsa ku banki kapena kumalo ovomerezeka osinthira ndalama, podziwa kuti ndalama zakunja zakhala zikusowa m'dziko muno. Osintha ndalama a pamsewu ku Songwe ndi ku Tunduma ali ndi manja othamanga, ndipo munthu wotopa ndi dzuwa sawerenga bwino. Mukumbukirenso kuti kwacha ya ku Zambia ndi dzina lokha limene likufanana ndi yathu, koma mphamvu zake ndi zoposa kwambiri, ndiye mtengo wa nsima ukamveka wochepa musafulumire kusangalala. Ndalama muzigawe pawiri kapena patatu, zina m'thumba la mkati, zina pa foni.

Za mapepala sizovuta. Mmalawi safunika visa polowa mu Tanzania kapena mu Zambia pa ulendo wongocheza, koma pasipoti ndi yofunika, ndipo ikhale yoti yatsala ndi miyezi yoposa isanu ndi umodzi kuti ithe. Kachiphaso ka masiku ochepa kamene amalonda amati border pass ndi ka maulendo a pafupi ndi malire, sikangakuzungulitseni mayiko awiri. Ngati pasipoti mulibe, pitani ku ofesi ya Immigration ya muno mu Mzuzu mwezi uno womwe, osadikira kuti tchuthi chiyandikire. Pa chipata chilichonse muonetsetse kuti akudindirani potuluka ndi polowa, ndipo muwerenge masiku amene akupatsani musanachoke pa windo. Ndikunena izi makamaka chifukwa cha Tunduma ndi Nakonde, matauni awiri olumikizana kotero kuti munthu wa panjinga akhoza kungolowa dziko lina osazindikira, mavuto n'kudzawaona kutsogolo. Mutenge lisiti ya njinga ndi nambala ya pa felemu, kuti wina asakuganizireni kuti mwaba kapena mukukagulitsa. Mukafunsenso kuchipatala za katemera wa yellow fever ndi khadi lake lachikasu, limene nthawi zina amalifunsa pa malire. Limayamba kugwira ntchito patapita masiku 10 chibayireni, ndipo kuyambira mu 2016 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linati katemera mmodzi ndi wa moyo wonse.

Nyengo yakukomerani. Pakati pa Julaye ndi Ogasiti mvula imakhala itasiya, kutentha kwa ku Karonga kusanafike pachimake, ndipo mwera umene umaomba kuchokera kumwera udzakukankhani kumsana potsata nyanja. Pobwerera mphepo yomweyo idzakuombani kumaso, ndiye masiku otsiriza muwawerengere mowolowa manja. Ku Tukuyu ndi ku Mbeya usiku kumazizira ngati Mzuzu wa mu Juni, kotero juzi ndi jekete ya mvula zisatsale.

Choopsa chachikulu pa ulendowu ndi galimoto, kuposa nyama kapena akuba. Msewu wa M1 ndiwo umene matankala a mafuta ochokera ku Dar es Salaam amadzera, ndipo pakati pa Mbeya ndi Tunduma malole amachita kutsatizana ngati nyerere. M'mayiko atatu onsewa galimoto zimayenda kumanzere monga kwathu, koma lole ikaliza hutala kumbuyo kwanu, tulukani mu tala osakangana nayo. Muvale chipewa choteteza mutu ndi malaya owala, muike kagalasi koonera kumbuyo, muzinyamuka kukangocha ndi kuima dzuwa likadalipo. Potsika Chiweta musagwire mabuleki osalekeza, chifukwa mikombero imatentha mpaka chubu kuphulika. Muzigwira ndi kutaya, ndipo muziima kuti izizire. Za thupi: neti yoteteza ku udzudzu, WaterGuard wothira m'madzi akumwa, mapaketi a Thanzi, ndipo mukamva kuphwanya m'thupi mukayezetse malungo tsiku lomwelo, osaganiza kuti ndi kutopa. Mtedza wokazinga, nthochi ndi mbatata yophika ndi kamba wabwino, ndipo muzidya njala isanakupezeni.

FUNSO

Akonzi, mng'ono wanga akukonza ulendo wa panjinga wopita ku Tanzania, ndipo akuti apita yekha, azikagona m'tchire. Ine ngati mkulu wake sindikugona tulo. Kodi ndimuletse?

Mayi wa ku Luwinga

YANKHO

Mayi, kumuletsa kungachititse kuti anyamuke mobisa, zomwe ndi zoipa kuposa. Chimene mungakambirane naye ndi kagonedwe. M'madera amene adzadutsewo midzi ndi yothithikana, ndipo hema wokhomedwa pamalo obisika amadzutsa mantha kwa eni malo, amene angamuyese wakuba. M'matauni ang'onoang'ono muli nyumba zogona alendo zotsika mtengo, ndipo njinga azilowa nayo m'chipinda. Kukamudera pamudzi, afike kwa nyakwawa, kwa abusa, pa sukulu kapena pa polisi dzuwa lisanalowe, apereke moni, aonetse pasipoti, apemphe pokhoma hema, ndipo m'mawa asachoke osatsanzika ndi kusiya kangachepe, kaya ndi shuga kapena sopo.

Aphunzire mawu ochepa a Chiswahili, monga maji, chakula ndi fundi wa baiskeli, amene ndi wokonza njinga. Ngati amamva Kyangonde cha ku Karonga, ku Kyela ndi ku Tukuyu sadzavutika, pakuti Chinyakyusa ndi chinenero chapachibale. Adziwenso kuti wotchi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likamatuluka, moti akamuuza kuti geti atsegula saa mbili m'mawa, akunena 8 koloko.

Kupita awiri kuli bwino pa ulendo woyamba, malinga mnzakeyo akhale woti anayendapo naye masiku awiri kapena atatu osakangana za liwiro ndi ndalama. Akaumirira kupita yekha, akusiyireni pepala la matauni amene adzagonemo ndi masiku ake, akagule simu khadi ya ku Tanzania akangowoloka, imene amalembetsa ndi pasipoti, ndipo mugwirizane kuti azikutumizirani uthenga madzulo alionse wonena pomwe wagona ndi pomwe akulowera mawa lake.