Funsani Dokotala: Kodi dontho limodzi lingakwanire diso lonse?

Funso: Adokotala, ndine mayi wowamba nsomba ku Senga Bay, ku Salima. Maso anga anafiira, ndipo kuchipatala anandipatsa mankhwala odontheza, akuti dontho limodzi m'diso lililonse. Ine ndimaona ngati likuchepa, ndiye ndimadontheza atatu kapena anayi. Komanso ndikangodontheza ndimamva kuwawa kwa mankhwalawo kukhosi. Kodi ndikulakwitsa?

Yankho: Mayi, dontho limodzi ndi lokwanira ndithu. Enawo akungotsikira kumasaya, ndipo botolo likutherani masiku amene anakuuzani asanakwane.

Taganizirani koloboyi. Parafini amakhala pansi, koma amakwera yekha m'chingwe mpaka kukafika pamoto popanda womupopa. Zamadzimadzi zili ndi khalidwe lomamatira pa chinthu chimene zanyowetsa, kwinaku zikukokana zokhazokha, ndipo mpata ukakhala wopapatiza mpamene zimayenda bwino. M'diso mpata wotere ulipo, pamene chikope cha m'munsi chimagundana ndi diso. Mukadziyang'ana pakalilole pamalo owala muona kamzere konyezimira ka misozi m'mphepete mwa chikopecho. Dontho likagwera pamenepo limasakanikirana ndi misozi n'kutsata mzerewo uku ndi uku, ngakhale diso ndi lobulungira. Chikope chikatseka chimalipaka pamwamba ponse ngati mmene dzanja limazirira pansi.

Malo akenso ndi ochepa kwambiri. Nthawi zonse diso limakhala ndi misozi pafupifupi mamaikulolita 7 (maikulolita ndi muyezo waung'ono kwambiri wa zamadzimadzi), ndipo likadzaza silisunga oposa 30. Dontho la m'botolo nthawi zambiri limakhala pakati pa 25 ndi 50. Ndiye kuti limodzi lomwelo ladzaza kale.

Za kuwawa kukhosi musade nazo nkhawa. Pakona ya diso chakumphuno pali timabowo tiwiri, kena pachikope cha m'mwamba, kena cha m'munsi. Timayamwa misozi n'kuitsitsira m'mphuno, nchifukwa chake munthu akalira amatuluka chimfine. Mankhwala amadutsanso njira yomweyo mpaka kukhosi. Koma ife timafuna akhalitse m'diso, choncho chitani chonchi: sambani m'manja ndi sopo, weramitsirani mutu kumbuyo, kokerani chikope cha m'munsi pansi kuti pakhale kathumba, ndipo dontho ligwere mmenemo. Kenako tsinzinani osaphethiraphethira, ndipo dinikizani pakona ija ndi chala kwa mphindi 1 kapena 2. Ngati anakupatsani mitundu iwiri, dikirani mphindi 5 musanadontheze wachiwiri, kuopa kuti angakokolole woyamba.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kukamwa kwa botolo. Mphamvu ija yokoka madzi sisankha. Mukagunditsa botolo kudiso kapena ku nsidze, misozi ndi manthongo zimamatirira pamenepo, mwinanso kulowa mkati, mawa n'kudzadonthezanso majeremusi omwewo. Pa chifukwa chomwechi musabwerekane botolo ndi ana kapena anzanu a kudoko. Ndikupemphaninso, mayi, musathire m'maso mkaka wa m'mawere, mkodzo kapena madzi a zitsamba, chifukwa zimenezi zimatha kuyambitsa zilonda pagalasi la diso, munthu n'kuchita khungu.

Masiku amene mukudontheza yesetsani kukhala mbali imene utsi wa pathandala sukupita. Mukaona kuti diso likupweteka kwambiri, simukuona bwino, kuwala kukukuvutani, kapena paoneka kadontho koyera pakati pa diso, musadikire kuti mankhwala athe. Pitani tsiku lomwelo kuchipatala chachikulu cha boma ku Salima mukaonane ndi a zamaso.